Makiyi onse anali m'thumba la munthu mmodzi

Pali mawu omwe ndinawauza akazi anga mu November 2021 ndipo mpaka lero sandichoka m'mutu, makamaka Lamulungu masana ndikawaona akuchotsa kiyi wawo pa msomali kuseri kwa chitseko kuti azipita ku banki mkhonde. Tsiku limenelo, nditawauza kuti ndikufuna kuika ndalama mu crypto, ndalama za pa intaneti zija, anandifunsa akusenda mbatata pakhonde, osandiyang'ana nkomwe: "Nde ndalamazi zikapita kumeneko azisunga ndani?" Ine ndinayankha msangamsanga kuti palibe munthu amene azisunga, zimakhala mu kontrakiti, pulogalamu ya pa intaneti yoyenda yokha, ndi khodi basi, ngakhale amene anaipanga sangazigwire. Sindimawanamiza ayi, ndimakhulupirira zimenezo ndi mtima wanga wonse, ndipo pomva mawu amenewo anapita kukatenga ngongole ya K300,000 m'dzina lawo ku gulu kwawo nkudzandipatsa m'manja.

Nkhani zoluza ndalama pa crypto mwazimva kambirimbiri, ine sindibwereza zomwezo. Chomwe chandilembetsa ndi chomwe ndinachiona pa laputopu ya mng'ono wanga patapita masabata awiri, kuti mawu anga aja anali olakwika kuyambira tsiku loyamba, ndipo umboni wake unali poyera pa intaneti, waulere, kungoti sindimadziwa poyang'ana.

Sikirinishoti ya maziro

Inali nthawi ija aliyense wokhala ndi foni ndi kabandulo anali pa gulu lina lake la matokeni, tindalama ta crypto. Ine anandilowetsa ndi mnzanga wakuntchito, poyamba pa WhatsApp kenako pa Telegram pomwe panali anthu ochuluka zedi, aku Nigeria, aku Philippines, aku Joni, ife akuno ochepa chabe. Zonse zimachitikira pa netiweki ya Binance Smart Chain chifukwa gas wake, ndalama yomwe umalipira ukamasinthitsa, anali wotchipa, pa Ethereum kungosinthitsa kamodzi kumatha kukudyera madola ambirimbiri nthawi imeneyo, nde tonse a m'matumba mochepa tinali pa PancakeSwap, msika wosinthira matokeni, ndi Trust Wallet, waleti ya pafoni yowasungira.

Ndipo musaganize kuti tinali osasamala. Tokeni yotchedwa SQUID inali itangogwa kumene. Pa 1 November 2021 tokeni imeneyi inakwera kupitirira madola 2,800 imodzi, kenako m'mphindi zochepa inatsala pafupifupi ziro, eni ake nkusowa ndi ndalama zoposa madola 3 miliyoni, ndipo anthu anali atayamba kale kudandaula kuti kugula kukutheka koma kugulitsa ayi, mpaka CoinMarketCap, webusayiti yoonetsa mitengo ya matokeni, inaika chenjezo pa tsamba lake. Nde pa gulu pathu tonse tinali titatsegula maso, tokeni yatsopano ikangoponyedwa mafunso amabwera pompo, renounced, kodi mwini wautaya umwini? liquidity locked, kodi thumba la ndalama lomwe ogulitsa amalipidwamo ndi lokhoma? Timaona ngati mafunso awiriwa ndi mpanda wokwanira.

Tokeni yathuyi, sinditchula dzina lake, inayankha onse awiri. Admin anaponya sikirinishoti ya BscScan, webusayiti yoonetsa zonse zochitika pa netiwekiyo, pa Read Contract, pomwe palembedwa owner, pansi pake 0x0000 maziro okhaokha mpaka kumapeto. Anatifotokozera kuti adilesi ya maziro ilibe mwini, palibe ali ndi kiyi wake padziko lonse, ndiye kuti amene anapanga tokeni wautaya umwini, kontrakiti ikuyenda yokha. Ine sindinakhutire ndi chithunzi cha admin, ndinalowa ndekha pa BscScan, nkumata adilesi ya tokeni, nkuona maziro omwewo ndi maso angawa. Apa ndi pomwe pamandiwawa kwambiri, chifukwa ndinafufuza, ndinachita zomwe amanena kuti uzichita, ndipo usiku umenewo ndinagona tulo tabwino.

Ndinagula USDT, tokeni yoyendera mtengo wa dola, kwa munthu mwachindunji pa P2P, kuisintha kukhala BNB, ndalama ya netiweki ya Binance, nkugula tokeni. Slippage, malire a kusiyana kwa mtengo omwe ukulola posinthitsa, timaika 12 peresenti chifukwa panali msonkho wa 10 peresenti pogula ndi pogulitsa pomwe, amati theka limagawidwa kwa osunga tokeni ndipo theka linalo limapita ku liquidity, nde ukatsegula waleti m'mawa umapeza matokeni ako achuluka okha iwe uli mtulo. Patatha masiku asanu ndi anayi K300,000 ija imaoneka ngati K1.4 miliyoni pa sikirini. Akuluakulu ananena kale kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, koma nambala ikamakwera pamaso pako ola lililonse umaona ngati wafwenkha kale.

Lachisanu usiku

Maganizo anga anali oti ndigulitse pang'ono Lachisanu, zokwanira kubweza ngongole ndi chiwongoladzanja chake Lamulungu ku gulu, zotsalazo zizikhala zathu zopanda nkhawa. Magetsi anali atazima, ana atagona, ine pabalaza ndi foni. Ndinadina Swap nkubwera mawu ofiira akuti TRANSFER_FROM_FAILED. Ndinakweza slippage kufika 15, kenako 25, mpaka 49, chimodzimodzi. Ndinazimitsa data nkuyatsanso, ndinatuluka panja kukaima pafupi ndi mtengo wa mapeyala pomwe netiweki imagwira bwino kwathu, ndinachepetsa matokeni ogulitsa mpaka kungoyesa a K500 okha, osatheka.

Pa Telegram anthu anali atayamba kufunsa. Admin amayankha kuti dev, wolemba khodi, akukonza kanthu kakang'ono, musachite mantha, osafalitsa FUD, mphekesera zoopseza anthu, ndipo wofunsa kawiri amachotsedwa. Kenako anatseka kuti pasapezeke wolemba. Koma tchati chimayendabe, makandulo ofiira ataliatali oonetsa kuti wina akugulitsa, motsatizana, ndipo ndikukumbuka ndinaima mumdima muja udzudzu ukundiluma m'miyendo nkudzifunsa kuti ngati tonse sitikutha kugulitsa, amene akugulitsayo ndi ndani? Kutacha gulu kunalibe.

Akazi anga sanakalipe. Anangoti, "Si paja munati palibe angazigwire?" Ndinalibe choyankha chifukwa inenso funso langa linali lomwelo.

"Achimwene, werengani apa"

Mng'ono wanga amalemba mapulogalamu ku Blantyre, si wa crypto ayi, amapanga masistimu a m'masitolo, koma khodi amaiwerenga ngati nyuzi. Anabwera ku Lilongwe ku chinkhoswe cha msuweni wathu nkugona kwathu, ndipo titadya nsima ndinamufotokozera zonse, ndikulimbikirabe kuti mwina ma hacker anathyola kontrakiti, poti mwini kunalibe. Iye anangoti, "Achimwene, ndipatseni adilesiyo," nkutulutsa laputopu, ine nkumuyatsira hotspot.

Sanapite pa Read Contract pomwe ine ndinkayang'ana. Anapita pa mndandanda wa ma transaction, nkusaka adilesi yomwe inapanga kontrakiti, nkuyamba kutsika m'munsi mpaka tsiku lomwe admin anaponya sikirinishoti ija. Pa BscScan pali kadanga kolembedwa Method komwe kamaonetsa dzina la function, batani la mu khodi, yomwe munthu waitana. Analoza ndi chala. "Werengani apa, palembedwa chani?" Ndinati Lock. "Nanga Renounce Ownership mukuiona pati?" Ndinayang'ana m'mwamba, m'munsi, panalibe.

Kenako anatsegula khodi yeniyeni, inali verified, aliyense amatha kuiwerenga, nkulemba mawu oti lock posakira. Mizere yake inali yochepa, yosakwana khumi, ndipo anandiwerengera pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana wa Sitandade 3. Function ya lock imatenga adilesi ya mwini nkuisunga pambali pamalo otchedwa previousOwner, kenako pa owner nkuikapo maziro, nkulemba nthawi yomwe loko atseguke. Pansi pake pali ina yotchedwa unlock, imangofunsa zinthu ziwiri, kodi woitanayu ndi previousOwner, kodi nthawi ija yakwana, zikatero umwini wonse umabwerera kwa iye. Nde maziro omwe ndinawaona aja anali enieni ndithu, sikirinishoti sinali ya Photoshop, kungoti anali maziro a masiku ochepa. Anandiuzanso kuti khodi imeneyi siinalembedwe ndi munthu wathuyo, inali yofala nthawi imeneyo, matokeni ambirimbiri ankangokoperana, mpaka pali function ina yomwe dzina lake linalembedwa molakwika, geUnlockTime m'malo mwa get, ndipo cholakwikacho chinkayenda nawo m'makontrakiti onse okopera.

Anabwereranso ku ma transaction nkukwera mpaka Lachisanu lija. Unlock. Patangopita mphindi zochepa, Set Max Tx Percent, ndipo atatsegula mkati mwake nambala yomwe inaikidwa inali 0. Anandionetsa mzere wina mu function yosamutsira matokeni womwe umati ngati wotumiza si owner ndipo wolandira si owner, matokeni asapitirire malire a maxTxAmount. Malire akakhala ziro ndiye kuti palibe angasunthe ngakhale tokeni imodzi, kupatula mwini. Kenako panabwera mawaleti angapo omwe anagula tsiku loyamba penipeni, onse kutumiza matokeni awo kwa mwini, poti kutumiza kwa mwini kumaloledwa, iye nkuyamba kugulitsa, swap, swap, swap, kukokolola BNB yense anali mu pool, thumba la liquidity lija, kuphatikizapo wa ngongole ya akazi anga. Liquidity inalidi locked monga ananenera, koma sanafunikire kuichotsa, anangoikama mpaka kuuma.

Ndinayang'ana nthawi pa ma transaction aja nkuwerengera ya kuno, inali nthawi yomwe ija ndinaima pa mtengo wa mapeyala ndikuganiza kuti ndi netiweki.

Mng'ono wanga anati, "Achimwene, munthuyu sanathyole zenera. Analowera pakhomo ndi kiyi wake, ndipo zoti ali ndi kiyi zinalembedwa apa inu musanagule." Akazi anga anali ataima pakhomo la kukhitchini ndi beseni m'manja, sindinadziwe kuti amamvetsera. Anati, "Nde kuti kiyi anaika m'thumba nkukuonetsani manja opanda kanthu." Mng'ono wanga anati, "Eya alamu, ndendende." Iwo nkuti, "Ife bokosi lathu lili ndi maloko atatu, ine ndimasunga kiyi mmodzi, awiri ali ndi amayi ena, ndipo bokosilo limagona kunyumba kwa wachinayi amene alibe kiyi olo mmodzi. Inu lanulo linali ndi loko mmodzi, kiyi ndi bokosi kwa munthu mmodzi, woti nkhope yake simuidziwa." Anatero nkubwerera kukatsuka mbale.

Mawu amodzi oti onlyOwner

Usiku umenewo sitinagone msanga. Ndinamupempha kuti andiphunzitse kuona zomwe iye amaona, osati kulemba khodi ayi, kuona basi. Anandiuza kuti ndizilemba onlyOwner posakira ndi kuwerenga dzina lililonse lomwe lili pafupi ndi mawu amenewa. Mawuwa amachokera ku kontrakiti ya Ownable ya OpenZeppelin yomwe matokeni ambiri amagwiritsa ntchito, ndipo tanthauzo lake ndi losavuta, batani ili angadine ndi mwini yekha. Mu Ownable yeniyeni mulinso renounceOwnership, ndipo imeneyo ukaidina wataya umwini osabwereranso, mulibe previousOwner. Koma munthu amatha kutenga khodiyo nkuwonjezera zake dzina nkulisiya lomwelo, nde osakhulupirira dzina la function, uziwerenga zomwe ikuchita.

Mu tokeni yathu ija tinapeza mabatani a mwini oposa khumi. Chiyambireni ndatsegula makontrakiti ambiri ndipo nkhope zake ndi zomwezomwezo. Pali mint, yomwe imalola mwini kudzipangira matokeni atsopano mmene angafunire nkukawagulitsa pamutu panu, zili ngati wosunga buku la banki mkhonde atamadzilembera masheya usiku. Pali yosintha msonkho, setFee kapena setTaxFeePercent, ndipo funso apa ndi loti kodi pali denga, chifukwa ngati khodi siikunena kuti msonkho usapitirire mwakuti, amene akukudulani 10 lero mawa atha kuika 99, iye atadzichotsa kale pa odulidwa ndi excludeFromFee. Pali pause yoimitsa zonse, pali blacklist yotsekera adilesi imodziimodzi, kawirikawiri amaitcha dzina lokoma ngati setBots kapena antiSniper, akuti ndi yothamangitsira ma bot, koma khodi siidziwa kusiyanitsa bot ndi bambo wa ku Area 25 amene akufuna kubweza ngongole Lamulungu.

Yomwe imandiopsa kuposa zonsezi ndi proxy. Ukaona pa BscScan kapena Etherscan palembedwa Read as Proxy, dziwa kuti adilesi yomwe unagulayo ndi chikuto chabe, khodi yeniyeni ili kwina ndipo amene ali admin wa proxy atha kuisintha yonse tsiku lililonse. Utha kuwerenga mzere uliwonse lero nkupeza zonse zili bwino, owner ali maziro enieni, mawa nkudzuka kontrakiti ili ina. Zili ngati kusaina pangano la nyumba ya lendi pomwe alandilodi ali ndi chilolezo chochotsa masamba onse nkuikapo ena, siginecha yako ikhalebe pomwepo.

Masamba ngati Token Sniffer ndi honeypot.is amathandiza ndithu, ine ndimawagwiritsa ntchito, koma oyesa kugulitsa aja amakuuza za nthawi yomweyo. Tokeni yathu ikanayesedwa Lachinayi bwenzi ikugulitsika bwinobwino, inadzasanduka msampha Lachisanu pomwe munthu mmodzi anadina mabatani awiri. Ma audit nawonso, timangoona logo ya kampani pa webusayiti nkuti yaunikidwa, koma mukatsegula lipotilo nthawi zambiri mumapeza mutu woti centralization risk, oyendera khodi atalemba poyera kuti mwini ali ndi mphamvu zochuluka, eni tokeni nkungoyankha kuti acknowledged, kutanthauza kuti tamva koma sitisintha. Ndipo mawu oti locked aja ngakhale matokeni akuluakulu anawagwiritsa ntchito. SafeMoon inali yotchuka kwambiri mu 2021, anzanga angapo anali nayo, ndipo mu November 2023 bungwe la SEC loyang'anira misika ya masheya ku America linasumira akuluakulu ake ponena kuti anauza anthu kuti liquidity ndi yotsekedwa pomwe iwo amatapamo ndalama zoposa madola 200 miliyoni.

Nanga USDT yomwe tikusungayi?

Apa ndiime kaye chifukwa ndikudziwa ena mukuti ife sitigula timatokeni ta agalu ndi achule, timangosunga USDT kuthawa kugwa kwa kwacha. Ndikumvetsa, kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, munthu wogula katundu kunja sungamudzudzule. Koma USDT nayo ili ndi mwini, tsegulani kontrakiti yake pa Etherscan mudzaona addBlackList ndi destroyBlackFunds, Tether, kampani ya USDT, itha kutseka adilesi yanu ndi kufafaniza zomwe zili momwemo, ndipo yakhala ikutseka ma adilesi ambiri makamaka apolisi a mayiko akapempha. USDC, tokeni inanso yoyendera dola, chimodzimodzi, mu August 2022 boma la America litaletsa Tornado Cash, pulogalamu yobisa komwe crypto yachokera, kampani yake ya Circle inaumitsa USDC pafupifupi 75,000 yomwe inali m'ma adilesi okhudzidwa.

Sindikunena kuti ndi akuba ayi. Mphamvu zimenezi nthawi zina zimapulumutsa anthu oberedwa. Ndipo kontrakiti yopanda mwini nayo ili ndi tsoka lake, ikalakwika palibe woikonza. Mu November 2017 munthu wina anadzipeza ali mwini wa khodi yomwe mawaleti a Parity amadalira, poti eni ake anaiwala kutseka pamenepo, nkuifafaniza, ETH, ndalama ya Ethereum, yoposa 500,000 inaumira momwemo osatulukanso. Nde ine sinditsutsana ndi kukhalapo kwa kiyi. Chomwe ndimakana tsopano ndi kundiuza kuti kiyi kulibe pomwe alipo. Kampani ya USDT ndi yodziwika, mphamvu zake sizibisika, ukamasunga ukudziwa kuti wadalira ndani. Wathu uja anali chithunzi cha nkhandwe pa Telegram.

Ndipo tisaiwale kuti kuno kulibe kokadandaula kwenikweni. Reserve Bank of Malawi inanena kale mu 2019 kuti crypto si ndalama yovomerezeka m'dziko muno ndipo wogula akudziika yekha pachiswe. Ine ndinaganizapo zopita kupolisi, koma ndikanakanena kuti wandibera ndani, 0x ndi zilembo ndi manambala makumi anayi?

Maloko atatu

Chomwe chinandidabwitsa pambuyo pake ndi choti nzeru ya amayi a banki mkhonde iliponso ku crypto, amaitcha multisig. M'malo moti owner akhale waleti ya munthu mmodzi, amakhala kontrakiti ngati Safe, kale inkatchedwa Gnosis Safe, yomwe imafuna kuti mwa anthu asanu, tinene, atatu asaine batani lisanadinidwe. Palinso timelock, yomwe imachititsa kuti chilichonse mwini akufuna kusintha chilengezedwe poyera nkudikira kaye, tsiku limodzi kapena awiri, chisanayambe kugwira ntchito. Tokeni yathu ikanakhala ndi timelock ya maola 48, ziro uja akanaonekera Lachitatu ndipo wina pa gulu akanakuwa. Ku gulu la akazi anga lamulo lake ndi lomwelo, bokosi silitsegulidwa mamembala kulibe, ndalama zimawerengedwa mokweza aliyense akuona, ndipo asanabalalike amatchula zomwe zatsala kuti sabata yamawa adzafunsane.

Koma maloko atatu ndi atatu pokhapokha makiyi akugona m'nyumba zitatu. Mu March 2022 Ronin, netiweki ya masewera a Axie Infinity, inaberedwa ETH 173,600 ndi USDC 25.5 miliyoni, zonse pamodzi zoposa madola 600 miliyoni. Panali osaina 9, pamafunika 5. Zimamveka zolimba, koma anayi mwa iwo anali a kampani imodzi yomweyo ya Sky Mavis, ndipo wachisanu anali atailola kampaniyo kumusainira nthawi ina, chilolezocho osachotsedwa. Akuba atalowa m'nyumba imodzi anapeza makiyi asanu, ndipo panatenga masiku asanu ndi limodzi anthu asanadziwe. Nditawafotokozera akazi anga nkhani imeneyi anandiuza kuti kwawo salola kuti osunga makiyi akhale pachibale kapena a nyumba zoyandikana kwambiri, lamulo limeneli analikhazikitsa okha kalekale.

Nde pano ndikatsegula kontrakiti ndimatenga adilesi ya owner nkuimata payokha kuti ndione ngati ndi waleti wamba kapena ndi kontrakiti. Ikakhala multisig ndimayang'ana osaina ndi angati, ndi ndani, ndipo kodi mawaleti awo sanalandire ndalama yoyamba kuchokera ku waleti imodzi, chifukwa munthu mmodzi atha kupanga mawaleti asanu m'mphindi zisanu nkudzitcha komiti.

Kubweza

Ngongole ija tinaibweza miyezi inayi, ndi chiwongoladzanja ndi chindapusa chochedwera, ndipo chaka chimenecho pogawana akazi anga sanabwere ndi zomwe amayembekezera, malata a khitchini anadikira chaka china. Gawo lomaliza ndinapempha kuti ndikapereke ndekha. Amuna sakhala nawo pa misonkhano yawo koma anandilola kukhala pa benchi chapatali. Ndinaona bokosi lachitsulo likubwera litasenzedwa pamutu, likuikidwa pakati pa mkeka, amayi atatu akudzuka mmodzimmodzi aliyense ndi kiyi wake womangirira ku nsonga ya chitenje, akazi anga anali achiwiri. Owerenga ndalama awiri anawerenga mokweza, mlembi nkufunsa gulu kuti tinasiya zingati, onse nkuyankha pamodzi, zinagwirizana. Ine ndinakhala pa benchi paja ndi envelopu m'manja ndikuganiza za mizere isanu ndi itatu ya khodi ija, komanso za mmene ndinawayankhira pakhonde tsiku lija ngati kuti funso lawo linali la munthu wosadziwa za masiku ano.

Crypto sindinasiye. Ndimasungabe pang'ono, ndalama zanga ndekha, ndipo akazi anga amadziwa zili pati ndi amene angathe kuzitseka, chifukwa ndimawauza ndisanagule, ndipo ndikalephera kuwayankha funso lawo lija sindigula.

Sabata yatha mnzanga yemwe uja wakuntchito, amenenso analuza nane limodzi mu 2021, ananditumizira adilesi ya tokeni ina pa WhatsApp, akuti iyi nde ndi yeniyeni aise, ili ndi audit, timu yake imaoneka nkhope pa YouTube. Ndinaitsegula nthawi ya nkhomaliro. Owner ndi waleti wamba ya munthu mmodzi, timelock palibe, msonkho wogulitsa ulibe denga, ndipo pali function yotchedwa manageBots yomwe imalandira mndandanda wa ma adilesi. Ndinajambula zonsezi nkuzungulira ndi chofiira nkumutumizira. Anayankha kuti koma ikukweratu, dzulo lokha yapanga kawiri. Ndinamufunsa kuti ndalama zake akuzitenga kuti, anati akufuna kugulitsa njinga yamoto yomwe mlamu wake amayendetsa kabaza. Ndamuimbira kawiri sakuyankha, nde mawa ndikuweruka ndidutsira kwawo ku Kawale ndi laputopu yakuntchito, tikatsegule limodzi khodiyo akazi ake ali pomwepo.